Akwariyamu ya matanthwe

Akwariyamu ya matanthwe ndi thanki yagalasi yomwe munthu amasungiramo nsomba ndi zamoyo zina zimene kwawo ndi m'miyala ya pansi pa madzi. Thankiyo amaikonza moti izifanana ndi malo amene zamoyozo zinachokera. Ilipo ya mitundu iwiri yodziwika bwino. Mtundu woyamba ndi wa madzi amchere, momwe mumakhala makorali amoyo, nsomba za m'nyanja zamchere, nkhono ndi tinkhanu. Mtundu wachiwiri ndi wa madzi opanda mchere, ndipo nsomba zotchuka kwambiri pamtundu umenewu ndi mbuna za m'Nyanja ya Malawi, zomwe zimawetedwa m'nyumba za anthu ku Ulaya, ku America ndi ku Asia.

Dziko la Malawi lilibe nyanja yamchere, choncho wofuna thanki ya makorali amayenera kuitanitsa kunja pafupifupi chilichonse, kuyambira mchere mpaka zamoyo zomwe. Thanki ya mbuna ndiyo ili pafupi ndi anthu a kuno. Pamitundu yonse iwiri, ntchito yaikulu ya woweta ndi kusamala madzi. Madzi akakhala bwino tsiku ndi tsiku nsomba zimakhala zaka, koma akasintha mwadzidzidzi thanki yonse ikhoza kufa usiku umodzi.

Mbiri

Anthu a ku China ndiwo anayamba kalekale kuweta nsomba zongokongoletsa pakhomo, makamaka nsomba yofiira yotchedwa goldfish, yomwe ankaisunga m'maiwe ndi m'mitsuko. Thanki yoonekera mkati inabwera mochedwa. M'chaka cha 1832 mayi wa ku France, Jeanne Villepreux-Power, anapanga mathanki osungiramo zamoyo za m'nyanja pamene ankachita kafukufuku ku Sicily. Mu 1850 katswiri wa ku England, Robert Warington, anaonetsa kuti zomera za m'madzi zimatulutsa mpweya umene nsomba zimapuma, ndipo kuti nsomba, zomera ndi nkhono zikhoza kukhalira limodzi m'thanki kwa nthawi yaitali. Akwariyamu yoyamba yoti anthu wamba akaone inatsegulidwa ku London Zoo mu 1853. Philip Henry Gosse, yemwe anathandiza kuikamo zamoyo, ndi amene anatchukitsa dzina loti aquarium kudzera m'buku lake la mu 1854.

Kusunga makorali amoyo kunavuta kwa zaka zoposa 100 chifukwa anthu sankadziwa kuti makorali amafuna kuwala kwamphamvu ndi madzi oyenda. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pamene oweta a ku Germany anapeza njira yomwe lero imatchedwa njira ya Berlin. Njirayi imadalira miyala yokhala ndi zamoyo, nyali zamphamvu ndi makina ochotsa litsiro m'madzi. Mbuna nazo zinayamba kufika m'misika ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960.

Makorali

Ngakhale amaoneka ngati mwala kapena chomera, korali ndi nyama. Chimene munthu amaona ngati mwala umodzi ndi mudzi wa tinyama tambirimbiri tofewa, kalikonse kokhala ndi pakamwa pozunguliridwa ndi timanja. Makorali olimba amatenga kashiamu m'madzi n'kumangira chigoba cha laimu. Tinyamato tikafa chigoba chimatsala, ena amamanga pamwamba pake, ndipo pakapita zaka zikwizikwi pamakhala matanthwe aakulu. Makorali ofewa samanga chigoba chotere ndipo savuta kwambiri kuweta.

M'thupi mwa makorali ambiri mumakhala ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, monga amachitira masamba a mtengo, n'kugawirako korali. Madzi akatentha mopitirira muyeso kwa masiku angapo, korali amatulutsa nderezo ndipo amasanduka woyera. Zinthu zikapanda kubwerera mwakale, amafa ndi njala. Izi zinachitika kwambiri m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean mu 1998, kuphatikizapo ku Kenya, Tanzania ndi Mozambique, ndipo zimachitikanso m'thanki ya m'nyumba chimodzimodzi.

Matanthwe a makorali amene ali pafupi ndi Malawi ndi a ku Mozambique: ku zilumba za Primeiras ndi Segundas, ku Quirimbas m'chigawo cha Cabo Delgado, ndi ku Bazaruto komwe kunakhazikitsidwa malo otetezedwa mu 1971. Ku South Africa anthu amaona mathanki aakulu a madzi amchere ku Two Oceans Aquarium mumzinda wa Cape Town, yomwe inatsegulidwa mu 1995, ndi ku uShaka Marine World ku Durban, yomwe inatsegulidwa mu 2004.

Zipangizo

Thanki ndiyo chinthu choyamba. Thanki yaikulu ndi yosavuta kusamala kusiyana ndi yaing'ono, chifukwa madzi ambiri sasintha msanga kutentha kapena mchere wake. Thanki yotalika masentimita 120, mulifupi 45 ndi msinkhu 45 imalowa malita pafupifupi 240. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, thanki yotereyi pamodzi ndi galasi, miyala ndi mchenga imaposa matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50. Imafuna tebulo lolimba, loima pansi posapendekeka, kutali ndi zenera lolowa dzuwa komanso kutali ndi mbaula.

Zipangizo zina ndi izi:

Pampu zoyendetsa madzi. M'nyanja mafunde amabweretsera makorali chakudya ndi mpweya n'kuwachotsera zonyansa. M'thanki ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mapampu.

Nyali. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito nyali za LED zowala moyera ndi mobiriwira ngati thambo, zoyaka maola 8 mpaka 10 patsiku.

Protein skimmer. Awa ndi makina osakaniza madzi ndi timpweya tambiri. Litsiro limamatirira ku thovu n'kukwera m'kapu yomwe amakhuthula.

Chotenthetsera madzi chodzizimitsa chokha madzi akafika pamuyeso, pamodzi ndi choyezera kutentha.

Choyezera mchere, monga hydrometer kapena refractometer, ndi mankhwala oyezera madzi.

Miyala yokhala ndi timabowo tambiri, komwe mabakiteriya othandiza amakhala, ndi mchenga wa laimu.

Madzi amchere

Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Mchere wa m'khitchini sungagwire ntchito imeneyi chifukwa ulibe kashiamu, magnesium ndi zina zimene makorali amamangira zigoba zawo. Oweta amagula mchere wopangidwira akwariyamu n'kuusungunula m'madzi oyeretsedwa ndi makina a reverse osmosis, omwe amachotsa pafupifupi chilichonse chosungunuka m'madzi. Madzi a m'mpope kapena a m'chitsime osadutsa m'makinawa kawirikawiri amakhala ndi zinthu zokulitsa ndere, ndipo nthawi zina amakhala ndi mkuwa, womwe ndi poizoni kwa makorali, nkhono ndi tinkhanu.

Miyezo imene oweta ambiri amatsata ndi iyi:

Kutentha: madigiri 24 mpaka 27 Celsius
Kulemera kwa madzi poyerekeza ndi madzi wamba: 1.025 mpaka 1.026
pH: 8.1 mpaka 8.4
Kashiamu: mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita
Magnesium: mamiligalamu 1250 mpaka 1350 pa lita
Alkalinity: 7 mpaka 11 dKH
Ammonia ndi nitrite: 0

Chofunika kwambiri si kufika pa nambala yeniyeni ayi, koma kuti miyezoyo isamakwere ndi kutsika. Madzi akamauma chifukwa cha kutentha, mchere umatsala m'thanki, ndiye powonjezera amathira madzi opanda mchere. Wothira madzi amchere pamenepa amakweza mchere pang'onopang'ono mpaka zamoyo kufa.

Kukhwimitsa thanki

Thanki yatsopano siikidwa nsomba tsiku lomwelo. Nsomba zimatulutsa ammonia kudzera m'ziwalo zopumira ndi m'ndowe, ndipo chakudya chotsala chikaola chimatulutsanso ammonia. Ameneyu ndi poizoni. M'nyanja amasungunuka m'madzi ochuluka, koma m'thanki alibe kopita. Mabakiteriya ena amasandutsa ammonia kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako mabakiteriya a mtundu wina amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savulaza kwambiri akakhala wochepa. Nitrate amachotsedwa posintha madzi.

Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga milungu 4 mpaka 6. Nthawi imeneyi woweta amathira kachakudya pang'ono m'thanki yopanda nsomba kuti mabakiteriya apeze chodya, ndipo amayeza madzi masiku angapo alionse. Poyamba ammonia amakwera n'kutsika, kenako nitrite amachita chimodzimodzi. Onse awiri akafika pa 0, thanki yakhwima. Apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amatayira ndalama, chifukwa madzi okhala ndi ammonia amaoneka oyera ngati madzi ena onse. Mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira bwino ntchito pa gawo limeneli.

Thanki ikakhwima, zamoyo zimalowa pang'onopang'ono: poyamba nkhono zodya ndere, kenako nsomba imodzi kapena ziwiri, makorali ofewa, ndipo makorali olimba pakapita miyezi. Nsomba yatsopano imayamba yakhala m'thanki ina yapadera kwa milungu inayi kuti ngati ili ndi matenda, monga a timadontho toyera pakhungu, isapatsire zinzake. Chikwama chomwe nsomba yabweramo amachiyandamitsa m'thanki kwa mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane, n'kumathiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono asanaitulutse.

Kusamala tsiku ndi tsiku

Tsiku lililonse woweta amaona ngati nsomba zonse zilipo ndipo zikudya, amayang'ana choyezera kutentha, amaonetsetsa kuti mapampu akuyenda, ndipo amabwezera madzi amene auma. Chakudya chimaperekedwa chochepa, choti chithe m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Nsomba zambiri za m'thanki zimafa ndi chakudya chochuluka kusiyana ndi njala.

Pamlungu uliwonse kapena iwiri amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi n'kuthira atsopano ofanana mchere ndi kutentha. Amapala ndere pagalasi, kutsuka kapu ya skimmer ndi kuyeza madzi. Sefa imatsukidwa ndi madzi ochokera m'thanki momwemo, chifukwa madzi a m'mpope okhala ndi klorini amapha mabakiteriya othandiza aja. Sopo saloledwa pa chiwiya chilichonse chokhudza thanki.

Kuwerengera mchere kumaonetsa chifukwa chake thanki ya makorali ndi yodula kwa munthu wokhala kutali ndi gombe. Kudzaza malita 200 kumafuna mchere woposa makilogalamu 7. Kusintha malita 20 mlungu uliwonse kumatha malita oposa 1000 pachaka, kutanthauza mchere woposa makilogalamu 35, wonse wochokera kunja ndipo wogulidwa ndi ndalama zakunja.

Mbuna: nsomba za matanthwe a ku Malawi

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Yambiri ndi ya banja la cichlid, banja lomwenso muli chambo, utaka, kambuzi ndi ncheni, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mbuna ndi gulu la tinsomba ta m'banja limeneli tokhala m'miyala, tambiri totalika masentimita 7 mpaka 15, ta mawanga obiriwira, achikasu, akuda ndi ofiirira. Dzinali ndi la Chitonga, ndipo linalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa Geoffrey Fryer, yemwe anafufuza nsombazi ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Chifukwa cha mawanga ake ndi moyo wake wa m'miyala, oweta a kunja amafanizira mbuna ndi nsomba za m'makorali.

Mbuna zambiri zimadya ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono tomatirira pamiyala, zomwe zimapala ndi mano. Yaimuna imalonda phanga kapena mwala wake n'kumathamangitsa zinzake. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi pakamwa n'kuwasunga momwemo pafupifupi milungu itatu, nthawi zambiri osadya, mpaka tiana titayamba kusambira.

Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya opanda miyala. Pachifukwa chimenechi chilumba chilichonse, kapena thanthwe lililonse la pansi pa madzi lomwe asodzi amalitcha chirundu, chimakhala ndi mitundu yakeyake kapena mawanga akeake. Mwachitsanzo, Labidochromis caeruleus wachikasu, yemwe ndi mmodzi wa nsomba zowetedwa kwambiri padziko, kwawo ndi ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay. Melanochromis auratus amapezeka kummwera kwa nyanja. Chindongo saulosi amapezeka pa thanthwe limodzi lokha la Taiwanee, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu.

Thanki ya mbuna

Thanki ya mbuna imafuna zambiri zofanana ndi ya makorali: kukhwimitsa madzi, sefa yabwino, mpweya wokwanira, kutentha kosasinthasintha ndi kusintha madzi kawirikawiri. Kusiyana kwake n'kwakuti sifuna mchere wa m'nyanja, skimmer kapena nyali zamphamvu, choncho mtengo wake ndi wotsika kwambiri.

Madzi a m'Nyanja ya Malawi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo pamwamba pake amatentha madigiri 24 mpaka 29 malinga ndi nyengo. M'thanki oweta amasunga madigiri 24 mpaka 27. Ngati madzi a kumaloko ali ndi pH yotsika, amaika miyala ya laimu kapena zigoba zophwanya m'sefa, zomwe zimasungunuka pang'onopang'ono n'kukweza pH.

Miyala imaunjikidwa mpaka pafupi ndi pamwamba pa madzi, yokhala ndi mapanga ndi mipata yambiri yoti nsomba yothamangitsidwa ibisalemo. Miyalayo imakhazikidwa pansi mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pamchenga ukhoza kugwa n'kuswa galasi. Thanki isachepere malita 200. Yaimuna imodzi imapatsidwa zazikazi zitatu kapena kuposa kuti isamalimbane ndi imodzi yokha. Nsomba zikakhala zambiri ndithu nkhanza zimagawikana, koma zikatero sefa iyenera kukhala yamphamvu ndipo madzi asinthidwe pafupifupi kotala mlungu uliwonse.

Matumbo a mbuna ndi aatali, oyenera ndere. Chakudya chawo chizikhala cha zomera, monga chopangidwa ndi ndere za spirulina, kapena masamba ofutsa pang'ono. Nyama ndi chakudya cha mafuta ambiri zimathandizira kubweretsa matenda otupa mimba omwe oweta padziko lonse amawatcha Malawi bloat. Nsomba yodwala imasiya kudya, imatulutsa ndowe zoyera ngati ulusi, imatupa, ndipo ikapanda kuthandizidwa msanga imafa m'masiku ochepa. Mitundu yofanana kwambiri siikidwa m'thanki imodzi chifukwa imakwerana n'kubereka ana osakanizika.

Kumadera a tiyi

Munthu wofuna kusunga thanki yotere kumadera okwera monga kwa Chimaliro ndi m'maesiteti a tiyi ku Thyolo amakumana ndi zinthu zinayi zimene wa ku Mangochi kapena ku Salima sakumana nazo mofanana.

Choyamba ndi kuzizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kukachita chiperoni, usiku kumazizira kwambiri kuposa mmene nsomba za kunyanja zinazolowerera. Nsomba zozizidwa zimasiya kudya ndipo zimagwidwa matenda mosavuta. Chotenthetsera madzi n'chofunika, ndipo oweta amawerengera pafupifupi wati imodzi pa lita iliyonse.

Chachiwiri ndi mtundu wa madzi. Tiyi amakonda dothi la asidi ndi mvula yambiri, ndipo madzi a m'madera otere, komanso madzi a mvula otungidwa padenga, kawirikawiri amakhala ndi laimu wochepa. Mbuna zimafuna zosiyana ndi zimenezi, choncho madzi ayenera kuyezedwa ndi kukonzedwa. Madzi a mumtsinje wodutsa m'minda akhoza kukhala ndi feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo, makamaka m'dzinja. Madzi a m'mpope, kapena othiridwa WaterGuard, ali ndi klorini yemwe ndi wabwino kwa anthu koma amaotcha ziwalo zopumira za nsomba. Klorini amachotsedwa ndi mankhwala ake, kapena posiya madzi m'ndowa tsiku limodzi kapena awiri akupopedwa mpweya. Ndowayo iphimbidwe ndi nsalu kuti udzudzu usaswanemo.

Chachitatu ndi magetsi. Akazima, mapampu amaima, mpweya m'madzi umachepa, ndipo pakapita maola angapo mabakiteriya a m'sefa amayamba kufa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunakula kwa nthawi yoposa chaka. Thanki ya makorali singapirire zotere popanda batire, inveta kapena sola. Ya mbuna imapirirako ngati pali kapampu ka mpweya koyendera mabatire. Pakapanda kalikonse, woweta amatunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba mobwerezabwereza, amafunditsa thanki bulangeti kuti isazizire, ndipo sadyetsa nsomba mpaka magetsi atayaka.

Chachinayi ndi mankhwala a udzudzu, ndipo ichi chimakhudza dziko lonse. Mankhwala opopera m'nyumba, utsi wa makoyilo ndi mankhwala a m'masikito ndi poizoni wamphamvu kwa nsomba. Popopera, thanki imaphimbidwa ndipo pampu ya mpweya imazimitsidwa kwa kanthawi. Chidutswa cha masikito chisagwiritsidwe ntchito ngati kaukonde kotolera nsomba.

Ulimi wa nsomba umene anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amaudziwa kwambiri ndi wa m'maiwe, momwe amaweta makumba, chilunguni ndi mlamba kuti adye kapena agulitse. Luso la m'maiwe limathandiza pa zina, monga kuzindikira nsomba zosowa mpweya zikamayasamula pamwamba pa madzi m'mamawa. Koma manyowa ndi madeya zomwe zimalemeretsa dziwe zikhoza kupha thanki m'masiku ochepa, chifukwa madzi ake ndi ochepa ndipo alibe dothi ndi dzuwa zowathandiza.

Malonda ndi chilengedwe

Nsomba zambiri za m'mathanki a madzi amchere zimagwidwa m'nyanja, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines. Kumeneko asodzi ena akhala akugwiritsa ntchito poizoni wa cyanide pokomola nsomba, ngakhale malamulo amaletsa, ndipo poizoniyo amaphanso makorali. Makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, lomwe Malawi analowamo mu 1982, choncho sangaoloke malire popanda chilolezo. Masiku ano makorali ambiri amabzalidwa podula kanthambi n'kukamata pamwala, ndipo nsomba monga clownfish zimaswanitsidwa m'mathanki.

Ku Malawi malonda otumiza kunja nsomba zokongoletsa amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za usodzi motsatira lamulo lokhudza kuteteza ndi kusamala nsomba, ndipo wogwira kapena kutumiza nsombazi amafunika laisensi. Wotchuka kwambiri pamalonda amenewa anali Stuart Grant, yemwe anakhazikika ku Kambiri Point, Senga Bay m'boma la Salima, ndipo anamwalira mu 2007. Akatswiri ake osambira pansi pa madzi ankatola nsomba m'madera osiyanasiyana a nyanja. Dzina la Chindongo saulosi, lomwe Ad Konings analipereka mu 1990, ndi lolemekeza mmodzi wa iwo, Saulos Mwale.

Nsomba yokhala pa thanthwe limodzi lokha ikhoza kutha msanga ikamagwidwa kwambiri. Bungwe la IUCN linaika Chindongo saulosi, Melanochromis chipokae wa kufupi ndi Chipoka ndi Aulonocara baenschi wa ku Nkhomo Reef m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo kugwidwa chifukwa cha malonda a akwariyamu ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Pofuna kubwezeretsa saulosi, nsomba zoswanitsidwa m'mathanki zakhala zikubwezedwa ku Taiwanee. Vuto lina ndi kusamutsa nsomba mkati mwa nyanja momwemo. Pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear pali mitundu ya mbuna yochokera kumpoto, monga ku Likoma, yomwe inatayidwa pamenepo ndi ochita malonda zaka zapitazo ndipo tsopano ikupikisana ndi mbuna za pamalopo.

Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park anakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsombazi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kugwira mbuna m'madzi a pakiyi n'koletsedwa. Popeza mbuna zimaswana mosavuta m'thanki, zambiri zogulitsidwa kunja lero ndi zobadwira m'mafamu a ku Florida, ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo woweta aliyense angathe kupeza nsomba popanda kuchepetsa za m'nyanja.

Chamoyo cha m'thanki chisatayidwe mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja. Nsomba ya lionfish, yomwe kwawo ndi nyanja za Indian ndi Pacific, inayamba kuoneka ku Florida m'zaka za m'ma 1980 ndipo lero yafalikira m'nyanja ya Caribbean komwe ikudya nsomba za kumeneko. Akatswiri amakhulupirira kuti inachokera m'mathanki a anthu. Kuno chitsanzo chodziwika ndi namasupuni, chomera cha ku South America chomwe chinafalitsidwa m'maiko ambiri chifukwa cha maluwa ake, ndipo tsopano chimatseka madzi mu Shire n'kusokoneza makina opangira magetsi.

Zoopsa kwa munthu

Madzi, makamaka amchere, amadutsa magetsi mosavuta. Zipangizo zonse zizimitsidwe munthu asanalowetse dzanja m'thanki, ndipo soketi ikhale pamalo pomwe madzi sangadonthere. Makorali ena ofewa a gulu la Palythoa ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa akalowa m'bala, m'maso kapena m'mapapo, choncho miyala yokhala ndi makorali siwiritsidwa kapena kukwechedwa popanda zodzitetezera. Minga ya lionfish imabaya mopweteka kwambiri. Wokhala ndi chilonda padzanja avale magolovesi, chifukwa madzi a m'thanki akhoza kukhala ndi mabakiteriya oyambitsa zilonda zosapola msanga. Nkhono zotoledwa m'Nyanja ya Malawi kapena m'madambo zisaikidwe m'thanki, popeza zina zimasunga tizilombo toyambitsa likodzo.

Onaninso

Nyanja ya Malawi
Chambo
Lake Malawi National Park
Ulimi wa nsomba m'maiwe
Namasupuni
Boma la Thyolo